Mfuti ya agogo yolembedwa Webley Mark VI

Achimwene, mwafunsa za mfuti ya m'manja imene mwaipeza m'bokosi la malemu agogo anu, yolembedwa Webley Mark VI ndi 1917, kuti inachokera kuti ndipo ankaigwira ndani.

Musanachite china chilichonse, kankhani ndi chala chachikulu kachitsulo kamene kali kumanzere. Mfutiyi imatseguka ngati ikuthyoka pakati, mpope n'kuzyolikira pansi. Onani mabowo onse 6 a silinda (chitsulo chozungulira cholowamo zipolopolo) ngati mulibe chipolopolo. Dzimbiri musalipale ndi sandipepala, chifukwa mbiri yonse ili pa tizidindo tating'ono kwambiri. Kansalu ndi mafuta pang'ono basi, kenako muwalitse tochi cham'mbali n'kujambula chidindo chilichonse.

Mtundu umenewu asilikali a Britain anayamba kuugwiritsa ntchito mu 1915. Ankaupanga ndi a Webley & Scott ku Birmingham, mpope wake ndi mainchesi 6, zipolopolo zake ndi za .455. Chaka chimene mwaonacho ndi chimene inapangidwa, nkhondo yoyamba ya padziko lonse ili mkati.

Fufuzani kachizindikiro kooneka ngati phazi la nkhuku: kameneko kakutanthauza kuti inali ya boma la Britain. Tikakhala tiwiri toloza pamodzi, ndiye kuti boma linaigulitsa. Zilembo BNP zokhala ndi chisoti chachifumu zinadindidwa kuyambira 1954, mfutiyo ikuyesedwanso kuti igulitsidwe kwa anthu wamba. Kumsana kwa chogwirira nthawi zina kumakhala zilembo za gulu la asilikali. Mukapeza KAR (King's African Rifles, gulu limene munali asilikali a ku Nyasaland), nkhani yafika kwathu, ngakhale asilikali athu ambiri ankanyamula mfuti zazitali, za m'manjazi zinali za akuluakulu.

Nambala ya mfuti ili pathupi, pampope ndi pasilinda. Zikasiyana, ndiye kuti anaiphatikiza ndi zitsulo za mfuti ina. Ya pasilinda ikaoneka yodukiza, silindayo inapalidwa kumbuyo kuti izilowa zipolopolo za .45 ACP, monga ankachitira ku America. Zimenezo n'zamphamvu kuposa za .455, ndipo silinda ikhoza kuphulika. Musayese kuombera.

Za dzina la mwini wake, musayembekezere zambiri ngati ili ya boma, nambala yokha sikufikitsani kwa munthu. Mwayi umakhala pa zimene maofisala ankagula ndi ndalama zawo. Ikakhala ndi zilembo za sitolo ya ku London yotchedwa Army & Navy, lemberani ku University of Glasgow, kumene amasunga mabuku a sitoloyo, muwatumizire nambala ndi zithunzi. Dzina likapezeka, mafayilo a maofisala a nkhondo imeneyo ali ku National Archives ku Kew, mu London, pansi pa manambala WO 339 ndi WO 374.

Komanso pitani kupolisi mukafotokoze, chifukwa chiphaso cha agogo sichikukhudzani inu. Mfutiyo isiyeni kunyumba itakiyiridwa, mupite ndi zithunzi, iwo ndiwo anene mmene muiperekere.