Kuti DVD izioneka bwino pa TV ya HD

Achimwene, pa vuto la ma DVD osaoneka bwino pa TV yatsopanoyo, chotsani chingwe chachikasu chija mulumikize ndi chingwe cha HDMI. Ngati makina anu osewerera DVD alibe polowetsa HDMI, pezani olembedwa upscaling (okulitsa chithunzi kuti chikwanire pa TV ya HD), kapena a Blu-ray, amaseweranso DVD. Mukatero pitani pa ma settings musankhe 1080p (chithunzi cha mizere 1080) ndi 16:9 (chithunzi chotambalala), mutsitsenso sharpness (kuthwa kwa chithunzi).

Kwathu nkhope za anthu zinkaoneka ngati zapakidwa phala mpaka nditasintha chingwecho. Koma musayembekezere zozizwitsa. DVD ya PAL, mtundu wofala kuno kwathu, ili ndi mizere 576 yokha pomwe TV ya HD yeniyeni (Full HD) ili ndi 1080, ndiye imangokoka chithunzicho. Madisiki okopa a mumsika aja ndiye osanena.

Mukaona mizere kapena mabanga ngakhale pa matchanelo ena, pitani nayo TV-yo kwa okonza, osaitsegula nokha.