Za magetsi a amalume aja

Eee, msuweni, ndalimva funso lako, lakuti kamera yako ingayatse bwanji flash ya mu studio. Iwe... ndimakudziwa ine. Chimene ukufuna ndi magetsi ojambulira a mu studio ya amalume aja, ali pansi pa bedi kwa agogo ku Chinamwali. Graduation ya ku Chanco yayandikira, maso aona ndalama, eti? Hahaha.

Amalume aja... ukukakumbuka kachipinda kawo kuseri kwa msika? Nsalu ija yojambula phiri. Anali ndi chingwe chachitali chochoka pa kamera mpaka pa getsi, ankati sync. Tsiku lina mkwatibwi wa ku Matawale... ayi, ndanama, anali wa ku Sadzi, anakola chingwecho ndi nsapato. Getsi lonse khu! pansi, ambulera yake yobwezera kuwala n'kupindika. Amalume osaliyang'ana n'komwe getsilo, kuthamangira kwa mkwatibwi, "Mwapweteka mayi?" Kenako anajambula ndi getsi limodzi lotsalalo, ine nditagwira chikatoni choyera kumbali kuti kuwala kubwerere kumaso. Chithunzi chimenecho ndi chija chinakhala pakhoma mpaka tsiku lotseka. Mmm. Ndimawasowa.

Ndimati chani... eya. Tamvera. Kamera ya amalume inali ya filimu. Magetsi akalewa, ena amabweza mphamvu yambiri kudzera pachingwe, mavolti oposa 100, ndiye kamera ya digito ikhoza kupsa mkati. Usalumikize chingwe chija pa kamera yako.

Gula trigger ya wailesi, tizipangizo tiwiri toyatsa getsi popanda chingwe, ngati za kampani ya Godox zija. Kamodzi umakakhomeka pamwamba pa kamera, pa hot shoe, malo okhomekapo flash aja, kanzake pa getsi, tonse pa channel imodzi. Pogula uwerenge kuti ka pa getsiko kamapirira mavolti angati. Kamera uike pa M, manual, pomwe zonse umatchera wekha, liwiro la shutter, kachitseko kolowetsa kuwala kaja, lisapitirire 1/200 ya sekondi, apo ayi mbali ina ya chithunzi ida bii. Ndipo ndikudziwa uganiza zopulumutsa ndalama, kuyatsa getsi ndi kaflash ka pa kamera kaja. Kamayamba kaphethira kaye poyeza kuwala, getsi n'kuyakiratu nthawi isanakwane, chithunzi mdima okhaokha.

Ndiye chingwe ayi, wamva? Agogo ndikawauza ndine Loweruka, iwe ungakayambe ndi nkhani ya ndalama. Magetsi utenga, ambulera yopindika ija utenganso, imagwirabe ntchito. Koma chingwe chija chisiye m'katoni momwemo.