Intaneti ikugwira koma wantchito watsopano akulephera kulowa pa kompyuta

Funso: Ku ofesi kwathu tili ndi seva ya Windows. Chiikireni rauta yatsopano, mnzathu amene wangolembedwa ntchito akulephera kulowa pa kompyuta, ikumuuza kuti palibe seva yomulowetsa. Ife akale tikulowa bwinobwino, intaneti nayo ikuyenda. Vuto lili pati?

Yankho: Kulowa kwa inu akale kusakupusitseni. Windows imasunga chizindikiro cha mapasiwedi a anthu 10 amene alowa posachedwapa, choncho imakutsegulirani ngakhale isanalankhule ndi seva. Mnzanuyo sanalowepo pa makinawo, ndiye kompyuta iyenera kufunsa domain controller, seva imene imasunga maakaunti a domain (gulu la makompyuta a mu ofesi mwanu), koma sikuipeza.

Kuti ipeze seva, kompyuta imayamba yafunsa DNS, imene imasandutsa mayina kukhala ma IP (maadiresi a makina pa netiweki). Imafuna ma SRV record, zolemba zosonyeza seva yogwira ntchito inayake, monga _ldap._tcp.dc._msdcs wotsatiridwa ndi dzina la domain yanu, amene pulogalamu ya pa seva yotchedwa Netlogon imalemba mu DNS ya mu ofesi mwanu momwemo. Ikalandira mayina a maseva, imawatumizira kauthenga pa port (khomo la mauthenga) 389 ya UDP, ndipo imatenga seva imene yayankha msanga, makamaka ya pa nthambi ya ofesi imene kompyutayo ili.

Ine ndikukayikira rautayo. Marauta ambiri amabwera DHCP yawo, yogawa ma IP kwa makompyuta, ili yoyatsa, n'kumauza makompyuta kuti DNS ndi rauta yomweyo kapena 8.8.8.8 ya Google. Google imadziwa kumene kuli Facebook, koma seva ya mu ofesi mwanu siidziwa. N'chifukwa chake intaneti ikuyenda pamene domain yasowa.

Tsegulani Command Prompt, lembani ipconfig /all, muone mzere wa DNS Servers. Payenera kukhala IP ya seva yanu. Ngati si choncho, zimitsani DHCP ya pa rauta kuti seva izigawa yokha ma IP. Musaike 8.8.8.8 ngati DNS yachiwiri pa makompyuta, ngakhale ambiri amatero. Vuto limangoyamba kubwera mwa apo ndi apo, ndipo lotero ndi lovuta kulisaka. Malo a 8.8.8.8 ndi pa forwarders pa seva, pamene mumalemba kumene seva ikafunse mayina amene siiwadziwa. Mukatero yesani nltest /dsgetdc: ndi dzina la domain. Ikatchula dzina la seva, njira yatseguka.

Zikakanikabe, onani wotchi. Kerberos, imene imatsimikizira munthu pa port 88, imakana ngati nthawi ya kompyuta yasiyana ndi ya seva kupitirira mphindi 5. Pa makina akale kabatire ka CR2032 kosunga nthawi mkati mwa kompyuta kakatha, magetsi akangothima tsiku limabwerera m'mbuyo. Sinthani kabatireko, konzani nthawi, kenako lembani w32tm /resync.

Kuchotsa kompyuta mu domain n'kuilowetsanso musathamangire. DNS ikadali yolakwika, ituluka koma ikana kubwereramo.