Kodi inshuwalansi ya paulendo idzakutulutsani kukabuka nkhondo?

Mayi wina amene amawerenga tsamba lino wanditumizira imelo. Akupita kukagwira ntchito kwa miyezi ingapo kudziko lomwe ndale zake sizili bwino, ndipo anagula kale inshuwalansi ya paulendo. Funso lake ndi lakuti: "Kukabuka nkhondo kapena zipolowe ine ndili komweko, kodi inshuwalansi imeneyi idzanditulutsa?"

Mayi, nthawi zambiri ayi. Inshuwalansi wamba ya paulendo imalipira mukadwala, katundu akasowa kapena ulendo ukalephereka, koma mapepala ake ambiri amanena poyera kuti za nkhondo ndi kuukira boma sakhudzidwa nazo. Ngakhale mawu oti adzakusamutsani atalembedwamo, kawirikawiri amatanthauza kunyamula wodwala kupita naye kuchipatala chabwino. Munthu wabwinobwino amene watsekeredwa m'hotelo kunja kukulira mfuti sawerengedwamo.

Chimene mukufuna ndi chitetezo china chapadera, chotulutsa munthu pamalo oopsa. Makampani monga Global Rescue ndi International SOS amagwira ntchito imeneyi. Ena amagulitsa ngati umembala, ena amaphatikiza pa inshuwalansi ina. Koma musakopeke ndi zithunzi za ndege pa intaneti, chikomekome cha nkhuyu mkati muli nyerere. Funso lomwe ndikufuna muwafunse musanalipire ndi ili: amene amagamula kuti nthawi yotuluka yakwana ndani?

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Makampani ena sasuntha mpaka boma litalengeza kuti nzika zake zichoke. Ndiye funsani kuti ndi boma liti, chifukwa ena amatsatira chenjezo la America kapena la Britain ngakhale inu muli nzika ya dziko lina. Ena amadalira akatswiri awo a zachitetezo. Mantha anu okha, ngakhale akhale omveka chotani, sawakakamiza kutumiza galimoto. Ndipo mukathawa panokha osawadziwitsa, ambiri sabweza ndalama zomwe mwawononga. Izi zimandipweteka mtima, chifukwa munthu amene ali pamalopo ndiye amayamba kuona kuti zinthu zasokonekera: asilikali achuluka pamphambano, mafoni akudukaduka, mabanki atseka masana.

Chachiwiri ndi nthawi yogulira. Boma la America limaika mayiko m'magawo anayi malinga ndi kuopsa kopitako, ndipo gawo 4 limatanthauza kuti musapiteko. Britain nayo imachenjeza kuti kupita komwe yaletsa kungathetse mphamvu ya inshuwalansi yanu. Choncho onani lero kuti dziko lomwe mukupitalo lili pati. Ngati chenjezo linatuluka inu musanagule kapena musanalowe, mungathe kukanidwa thandizo.

Dziwaninso kuti pepala silitsegula bwalo la ndege. Nkhondo itabuka ku Khartoum, likulu la Sudan, pa 15 April 2023, bwalo la ndege la mumzindawo linatsekedwa tsiku lomwelo. Alendo ambiri anayenda pamsewu mtunda wa makilomita pafupifupi 800 kukafika ku Port Sudan, kenako n'kukwera sitima zapamadzi kupita ku Jeddah, ku Saudi Arabia. Ena analowera kumalire a Egypt pa mabasi. Ku Ukraine, ndege za anthu wamba zinaletsedwa kuuluka pa 24 February 2022, ndipo anthu anatuluka pa sitima zapamtunda ndi magalimoto. Thandizo lenileni pa nthawi yotere limakhala dalaivala wodziwa njira, mafuta a galimoto, ndi munthu pafoni wokuuzani kuti lero musatuluke m'nyumba. Nthawi zambiri makampaniwa amakakusiyani pamalo otetezeka apafupi, choncho funsani ngati tikiti yokafika kwanu ilimo.

Mwina mukuganiza kuti boma lanu lidzakutengani. Zimachitika, koma si lonjezo, ndipo si nthawi zonse zimakhala zaulere. Nzika za America, mwachitsanzo, zimasainira kuti zidzabweza ndalama za ulendowo. Mayiko ena alibe n'komwe ofesi ya kazembe komwe mukupitako.

Popeza mukupita pa ntchito, yambani mwafunsa abwana anu ngati bungwe lawo lili kale ndi mgwirizano wotere, ndipo akupatseni kalata yosonyeza kuti dzina lanu lilimo. Mukafika, kalembetseni ku ofesi ya kazembe ngati ilipo. Nambala yoimba pangozi muilembe papepala, isakhale mufoni mokha, ndipo pasipoti, mankhwala anu ndi ndalama zapamanja zizikhala m'chikwama chimodzi chosavuta kunyamula.