Ming'alu ya nyumba yamitengo ku Suffolk, ku England

Achimwene, mwafunsa za ming'alu ya pakhoma la nyumba yanu yakale yamitengo. Ming'aluyo musaitseke ndi simenti, matani ndi laimu. Pakati pa mizati ya mtengo wa oak pali timitengo tolukana tophomedwa ndi dothi, monga nyumba zakale za kumudzi kwathu, ndipo khoma lotere liyenera kumatulutsa chinyezi. Simenti imachitsekera mkati. Ndinaonapo mzati utawola kuseri kwa pulasitala wooneka bwinobwino, mtima unandipweteka.

Popeza mwati nyumbayi ili pa mndandanda wa Historic England (bungwe la boma losamalira nyumba ndi malo akale) ngati Grade II (gulu limodzi la nyumba zotetezedwa ndi lamulo), yambani mwafunsa conservation officer, yemwe ndi woyang'anira nyumba zakale wa ku khonsolo. Lamulo la 1990 loteteza nyumba zakale limati kusintha maonekedwe a nyumba yotere popanda chilolezo ndi mlandu. Mtengo ukakhala wofewa mukaubaya ndi kampeni, itanani katswiri woyeza nyumba zakale musanakhudze chilichonse.