Yankho la malume pa za kutsitsa Mark X

Eya mphwanga, uthenga wako ndaumva, koma ndinali pa msika wa Kapata, phokoso linali lambiri. Wati ukufuna kuitsitsa Mark X yako ija, wapeza masipuling'i a mitundu iwiri, ena otsitsa mamilimita 30, ena 50, ndiye ukufunsa kuti utenge ati. Ndikuyankha pomwe pano pa gulu kuti amayi ako nawonso amve, poti galimoto imeneyo ndi imene imawanyamula popita kwa agogo ku Chadiza.

Tenga a 30. Ukapeza a 25, ndiye bwino koposa. A 50 aja asiye, ndi a anthu amene galimoto yawo siichoka pa tala.

Koma usanatumize ngakhale kwacha imodzi, tsegula white book, chikalata cha umwini wa galimoto chija, uwerenge nambala ya chassis. Mark X siili imodzi ayi. GRX120 ndi ya injini ya 2.5 yokankha ndi mawilo akumbuyo, GRX121 ndi ya 3.0, GRX125 imakoka ndi mawilo onse anayi, ndipo kuyambira 2009 kunabwera thupi lina, GRX130. Kulemera kwake n'kosiyana, ndiye masipuling'i akenso ndi osiyana. Wogulitsa akangoti "amakwana Mark X iliyonse", dziwa kuti katundu wake sakumudziwa.

Tsopano chinthu chimene ndikufuna uchite mawa m'mawa. Imika galimoto pa simenti, utenge tepi, ugwade, uyeze kuchokera pansi kufika pa chitsulo chimene chili m'munsi kwambiri. Lemba. Kenako ukweze anthu anayi, mu buti uikemo matumba awiri a chimanga a makilo 50, monga momwe mumabwerera kuchokera kumudzi mukakolola. Yezanso. Pa nambala yachiwiriyo chotsapo 30, uone chotsala. Ukachotsa 50 udzaona wekha kuti ngakhale chibakera sichilowa bwino. Chithunzi chimene unatitumizira chija, galimoto ili yopanda munthu, yaima pa msewu wosalala ngati mbale. Yako imayenda yolemedwa.

Ndipo kumbukira kuti iyi si Corolla. Galimoto yokankha ndi kumbuyo ili ndi zinthu zambiri kumimba: propshaft (chitsulo chopititsa mphamvu ya injini kumbuyo) yodutsa pakati, difu (yogawa mphamvuyo ku mawilo) kumbuyo, ekizozi ikuyenda m'mbali mwake. Kanjira kolowera kwa agogo kaja ukukadziwa, ngolo za ng'ombe zinakumba mizere iwiri, pakati panatsala msana wa dothi louma ndi miyala. Matayala amalowa m'mizeremo, mimba ya galimoto n'kumakwecha pamsanapo. Ngakhale pano isanatsitsidwe umadutsapo mopendeketsa, si choncho?

China n'chakuti sipuling'i yaifupi imayenera kukhala yolimba, kuti galimoto isamagunde pansi. Ikatsika kwambiri, kulimbanso kumachuluka. Pa msewu wa dothi wa makwinya matayala akumbuyo amayamba kudumphadumpha m'malo mogwira nthaka, pomwe ndi omwewo amene akukankha galimoto. Uponde mafuta pokhota mvula itagwa, kumbuyo kumathawira kumbali iwe usanazindikire. Apa ndi pamene mtima wanga uli, mphwanga, osati pa bampa. Bampa timagula ina.

Ine ndinaziona pa Altezza yanga ija. Makanika wina anandiuza kuti palibe chifukwa chotaya ndalama, anatenga gilayinda n'kudula koyilo imodzi ndi theka pa sipuling'i iliyonse. Pochoka pa galaja inkaoneka bwino zedi. Koma sipuling'i yodula sikhalanso bwino pa mpando wake. Tsiku lina ndikupita ku Lusaka, pa mahampu a ku Katete ndinangomva "gu!" kumbuyo, sipuling'i yachoka pamalo pake. Titavula tayala, mkati mwake munali mutatha mpaka mawaya kuonekera, kunja kukadali ngati latsopano. Ndikayang'ana chiimire sindinkaona kanthu, chonsecho ndinali nditanyamula ana. Choncho zodula ayi, zowotcha ndi moto wa gasi ayinso, chifukwa chitsulo chikapsa chimafooka ndipo chimapitiriza kugwa.

Mayina amene ungawakhulupirire alipo: Tein, RS-R ndi Tanabe a ku Japan, Eibach ndi H&R a ku Germany. Pa galimoto ya ku Japan ngati yako, a ku Japan ndi amene savuta kupeza oyenerera. Koma utoto wobiriwira kapena wofiira usakunamize, zabodza nazonso amazipenta. Uza wogulitsa ajambule nambala yolembedwa pa koyilo penipenipo, uifananize ndi imene kampaniyo inalemba pa GRX yako. Akakhala a salaula, yang'ana dzimbiri ndi ming'alu, makamaka ku mapeto kumene sipuling'i imakhalira.

Ndalama zako usaziwerengere masipuling'i okha. Ngati ma shock ndi omwe anabwera nawo kuchokera ku Japan, atopa kale. Ukawamanga ndi sipuling'i yaifupi, yolimba, amagwira ntchito ali opanikizika, sachedwa kutaya mafuta, galimoto n'kumanjanja ngati bwato. Suzumira, ukaona shock yanyowa mafuta, sintha onse awiri a mbali imeneyo, akutsogolo pamodzi kapena akumbuyo pamodzi. Timipira tija toletsa kugunda pa shock tionedwenso. Ndalama zikakhala zosakwana zonse, yamba ndi ma shock, kutsitsa kudikire.

Pomanga, uuze makanika kuti mabauti a mabushi awalimbitse galimoto itaima pa matayala ake, osati ili pa jeke, apo ayi mabushi amapotoka n'kung'ambika msanga. Uyende nayo sabata imodzi kuti ikhazikike, kenako alignment, kuwongola kaimidwe ka mawilo onse anayi. Ndikubwereza, onse anayi. Kumbuyo kwa Mark X kuli timikono tambiri, ukaitsitsa matayala amapendekera mkati, ndiye zija zinandichitikira ine. Ngati makina a kuno sangathe kumbuyo, kuli bwino upite nayo ku Lusaka pang'onopang'ono kusiyana ndi kutha matayala awiri. Magetsi akutsogolo awaonenso ngati akuloza bwino. Masipuling'i akalewo usagulitse, uwamange ndi waya uwasunge, tsiku logulitsa galimoto ambiri kuno adzaifuna yokwera.

Unditumizire chithunzi cha white book pamene pali chassis, ndi manambala awiri aja ukayeza. Loweruka ndili pakhomo, ubwere nayo tidzasuzumire limodzi pansi pake usanalipire.