Mphutsi zodyetsa nkhuku, zoona?

Funso: Akulu, chakudya cha nkhuku chadula heve, ndamva ena akuweta mphutsi, sizingandidwalitsire nkhuku? Mayi wa ku Area 25.

Yankho: Amayi, si za ntchentche zakuchimbudzi zija ayi. Ndi za ntchentche ina yotchedwa black soldier fly, yakuda yooneka ngati mavu koma siluma. Tolani tomato ndi kabichi woola kumsika ngati kwa Wakawaka, sakanizani ndi gaga mubeseni pamthunzi, pamwamba kakatoni koti ntchentchezo zikabwera ziikiremo mazira, zingonyowa pang'ono basi madzi akachuluka fungo lake simungalipilire. Akaswa, masabata 2 mphutsi zanenepa, sefani, thirani madzi otentha n'kuyanika. Mapuloteni ngambiri ndiye soya mumachepetsako, koma chakudya chinacho musasiyiretu chonde. Zotsala zakudazo ndi manyowa, ziyambe zaolerana musanathire kudimba, zaziwisi zimaotcha mbande.